Kumbuyo kwa Ankhoswe

Ku South Bend mwezi wa Malichi sudziwika mbali yake. Masana sinowo imasungunuka n'kumayenderera m'mphepete mwa misewu, yakuda ngati madzi otsukira miphika. Dzuwa likapendeka imaumanso. Dixon Kachingwe mweziwu amaudziwa ndi manja, chifukwa wakhala zaka zambiri akuyendetsa basi ya mumzinda, kuchoka pakati pa tauni, kudzera pachipatala, mpaka kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Amadziwa pamene phula limang'ambika chisanu chikatha. Amadziwa pakona pamene mphepo yochokera kumtsinje imakankha basi ngati ng'ombe yokana goli. Si munthu wa mawu ambiri. Okwera basi amamudziwa ndi moni wake basi, ndipo Amalawi anzake amamudziwa kuti pamaliro amafika woyamba, n'kuchoka womaliza atapinda mipando.

Anabadwira ku Ntcheu, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, ndipo bambo ake anamwalira iye asanadziwe kugwira khasu. Ku Amereka anabwera ali mnyamata, ndi sutukesi imodzi ndi juzi yopyapyala. Amene anakamuchingamira pabwalo la ndege anali Bambo Kenan Kamwendo a ku Speedway, kufupi ndi mzinda wa Indianapolis, munthu amene sankamudziwa n'komwe, wongouzidwa ndi abusa kuti kukubwera mwana wa kwathu. A Kamwendo anamuveka jekete lawo, anamugoneka m'nyumba mwawo mpaka chisanu chinatha, anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto pamsewu woterera. Pamene Dixon ankakwatira Joan, amalume ake anali kutali, ndipo a Kamwendo ndiwo anaima ngati nkhoswe. Chaka china choipa, Joan atalongedza katundu wake n'kumuika pakhomo, a Kamwendo anayenda ulendo wonse wa ku South Bend sinowo ikugwa, anakhala pakati pa awiriwo tsiku lathunthu, ndipo katunduyo anabwerera m'chipinda. Chaka chilichonse mu Meyi, nthaka ikafunda, ankabwera ndi mbewu za maungu a kumudzi m'kabotolo. Dixon ankawatchula kuti Bambo, ndipo sankanena mwa mwambo chabe.

Munthu ameneyu ndiye Dixon anali pafupi kumutaya m'Malichi wa chaka china.

Amalawi a m'chigawo cha Indiana ali ndi bungwe lawo la nthambi ziwiri, ya South Bend ndi ya Indianapolis. Pamwamba pake pali khonsolo ya Amalawi a m'zigawo zonse, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mpando umodzi kumeneko. Wokhala pampandowo amaoneka kufunika kwake tsiku la maliro. Munthu akamwalira, iye ndiye amaimira chigawo n'kusayina kuti khonsolo ithandize kutumiza thupi kumudzi. Popanda dzanja lake khonsolo sisuntha.

Koma munthuyo sankasankhidwa ndi anthu onse. Nthambi iliyonse inkatuma nthumwi zinayi, ndipo asanu ndi atatuwo ankadzitsekera m'chipinda n'kusankha. Wopambana ankafunika asanu. Kasankhidwe kake kanali ka kumudzi: opikisana amawamanga chitenje m'maso, amawaimika chofulatira, ndipo nthumwi zimandanda kumbuyo kwa amene zikumufuna, mwakachetechete. Akawerenga, onse amabwerera m'mipando, kenako nsalu zimamasulidwa. Aliyense amadziwa amene anaima pati, koma palibe amanena. Nsaluyo ntchito yake ndi yoti mawa wamkulu ndi wamng'ono athe kupatsana moni ngati palibe chinachitika.

Zaka ziwiri zotsatizana nthumwi zinagawikana pakati, anayi uku, anayi uko, mzinda uliwonse kumbuyo kwa munthu wake. Mpando wa Indiana unakhala wopanda munthu. Poyamba anthu ankaseka nazo. Kenako mu Febuluwale Lyson anamwalira, mwamuna wa Mayi Atupele, amene ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Khonsolo inati ikudikira dzanja la Indiana. Dzanja panalibe. Anthu anayesetsa pawokha, zinakanika, ndipo Lyson anaikidwa ku South Bend komweko, m'nthaka youma gwa imene anachita kuifunditsa ndi makina kuti ikumbike. Amayi ake ku Mulanje analira pafoni imene Atupele anaigwira pamwamba pa dzenje. Dixon anali mmodzi wa onyamula bokosi.

Chaka chotsatira a Indianapolis anasintha munthu wawo. Anaimika Bambo Kamwendo. Palibe amene anafunsa chifukwa chake. Pa nthumwi zinayi za South Bend, mmodzi anali Dixon, ndipo ndani anaonapo munthu akuima kumbuyo kwa wina, nkhoswe wake ali chiimire pomwepo?

Lamulungu lina mapemphero atatha, a South Bend anakumana m'kachipinda ka tiyi. Manja anakwera mokomera Mayi Flora Chikaonda, namwino wamkulu amene anayenda khomo ndi khomo nthawi ya maliro a Lyson. Nthumwi zinauzidwa momveka: mukaime kumbuyo kwa Mayi Chikaonda.

"Achimwene Dixon," anatero Jabulani, nthumwi inzake, munthu wa pakamwa pakuthwa, "miyendo yanuyo ikakumbukire amene aituma. Isakapange ribvesi ikaona ankhoswe."

Anthu anaseka, koma maso awo sanaseke. Dixon anangoti, "Ndamva."

Pakhomo anakumana ndi Mayi Atupele akumanga sikafu. Chiikireni mwamuna wawo, ankalankhula motsitsa ngati munthu wosunga mpweya.

"Alamu, ine sindikuuzani koti mukaime. Flora ndi mnzanga, a Kamwendo ndi bambo athu. Koma musabwerenso opanda munthu. Nthaka ya kuno ndi yozizira."

Mawu amenewa anamulemera kuposa a Jabulani. Akaima kumbuyo kwa a Kamwendo, asanu akwana, mpando upeza munthu, koma iye adzakhala wagulitsa anthu amene anamutuma. Akaima kumene anatumidwa, zikhalanso anayi ndi anayi, ndipo adzakhala wafulatira Bambo popanda phindu lililonse.

Mkati mwa sabata a Kamwendo anaimba foni, Dixon ali pa nthawi yopuma, basi itaima kumapeto kwa njira. Za chisankho sananene. Anafunsa za Joan, za sukulu ya mwana wawo Melissa, za bondo la Dixon.

"Mbewu zija ndaziyanika kale," anatero. "Chaka chino ndi zonenepa. Tionana Loweruka, mwana wanga."

"Tionana, Bambo."

"Maso adzakhala omanga. Koma msana umamva, iwe."

Anaseka, Dixon nayenso anaseka. Atadula foni anakhala akuyang'ana madzi akudontha kuchokera padenga la pokwerera basi, mpaka nthawi yonyamuka inamupitirira.

Joan sanazungulire. Loweruka m'mawa, atangofika kuchokera ku shifiti, anamupeza akupukuta nsapato.

"Bambo a Melissa, mukudziwa kuti ndikanakhala kuti lero pakanapanda bambo aja?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna kuwachititsa manyazi chifukwa cha Jabulani? Jabulani anabwerapo m'nyumba muno tikulira?"

"Si Jabulani wandituma, mayi a Melissa. Ndi anthu."

"Anthu! Anthu adzakudandaulani sabata imodzi, kenako aiwala. Nkhoswe sagula kusitolo." Anavula jekete n'kuliponya pampando. "Komanso mukawavotera, nkhani yatha. Atupele wina sadzaliranso pa sinowo. Mukufunanso chiyani?"

Dixon anasiya kupukuta. Anavala nsapato.

Msewu wa ku Indianapolis ndi wowongoka, ndipo mu Malichi minda ya mbali zonse imakhala ya ziputu za chimanga, yonyowa, yopanda mtundu. Atsekwe anali atayamba kubwerera kumpoto. Dixon ankayendetsa, Jabulani ali pambali, nthumwi zina ziwiri kumbuyo. Jabulani ankalankhula za mafuta, za mpira, za misonkho, koma nthawi ndi nthawi ankamuyang'ana cham'mbali. Dixon maganizo ake anali pa tsiku lina lakale.

Linali tsiku limene anakhoza mafunso a unzika. A Kamwendo, mwa chimwemwe, anamutenga kukaona Nyumba ya Malamulo ya chigawo, ija ya miyala yotuwa ndi denga lobulungira. Mayi woonetsa alendo anawafotokozera kuti kale, dzikoli lili laling'ono, maseneta opita ku Washington sankasankhidwa ndi anthu wamba. Anthu ankasankha aphungu a m'chigawo, ndipo aphunguwo ndiwo ankakhala pansi n'kusankha seneta. Olemba malamulo oyambirira ankaganiza kuti anthu ochepa odekha angasankhe bwino kuposa chikhamu. Koma aphungu akagawikana, zinthu zinkaima. M'zaka za m'ma 1850, anatero mayiyo, mpando umodzi wa Indiana unakhala zaka ziwiri wopanda seneta chifukwa mbali ziwiri zinakana kugwirizana. Mu 1887, m'nyumba momwe anaimamo, mkangano wokhudza chisankho chotere unafika poti zitseko zinakiyidwa, aphungu n'kuyamba kumenyana mpaka apolisi anaitanidwa. Zigawo zina nazo zinali ndi mavuto ake. Potsiriza, mu 1913, lamulo linasinthidwa ndipo anthu anayamba kusankha okha maseneta awo.

A Kamwendo anaseka mpaka misozi. "Wamva, iwe? Anthu a mataye, kuchitana zibakera ngati anyamata a pa depoti!" Potsika masitepe, akupukutabe m'maso, anawonjezera: "Koma anthuwo sanali oipa. Vuto ndi chitseko. Munthu ukamutsekera m'chipinda, amaiwala amene anamutuma."

Dixon tsiku lija anangoseka nawo. Lero mawuwo anayenda naye mpaka ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis.

Msonkhano unali pa tchalitchi chaching'ono cha njerwa chimene bungwe limabwereka. Linali tsiku la mapemphero a pachaka, ndiye anthu a mizinda yonse iwiri anadzaza pamwamba, akuimba, ena akukonza tiyi ndi mandasi. Nthumwi ndi opikisana awiriwo anatsikira m'chipinda chapansi, mmene munkanunkha chinyontho ndi penti. Wapampando anali Bambo Wanangwa Msiska, amene sankavota, ndipo anapatsidwa udindowo chifukwa amakhala ku Kokomo, pakati pa njira, kotero palibe mzinda ukanati ndi wa uko. A Msiska anatseka chitseko cha pamasitepe n'kuchikiya. Phokoso la kiyi linamveka bwinobwino.

A Kamwendo anapatsa moni aliyense. Atafika pa Dixon anamugwira phewa n'kulifinya pang'ono. Dzanja lawo linali litayamba kupepuka.

Anapemphera. Kenako a Msiska anatulutsa zitenje ziwiri.

"Mayi Chikaonda, kumanzere. Bambo Kamwendo, kumanja. Yang'anani kukhoma."

"Musamange kwambiri, a Wapampando," anatero Mayi Chikaonda. "Tsitsili ndakonzetsa dzulo."

Ena anaseka pang'ono. Nsalu zinamangidwa. Pamwamba nyimbo inatha, ndipo kunangomveka mapazi a anthu akuyenda padenga la chipindacho.

"Nthumwi, imirirani. Mwakachetechete."

Anayi a Indianapolis anapita kumanja osazengereza. Jabulani ndi anzake awiri anapita kumanzere. Dixon anatsala yekha pafupi ndi mzati wa pakati.

Anayang'ana msana wa a Kamwendo. Jekete lotuwa, khosi la makwinya, imvi pansi pa mfundo ya chitenje. Unali msana womwe anautsatira pabwalo la ndege tsiku loyamba, utasenza sutukesi yake. Unali utawerama pang'ono tsopano, koma unaima modikira, ngati munthu wodziwa kuti mwana wake ali m'njira. Nthumwi yomaliza ya kumanja inasuntha pang'ono kumusiyira malo. Kumanzere Jabulani ankamuloza ndi chibwano, maso ali tong'o. A Msiska anakweza nsidze. Mapanga awiri avumbwitsa.

Anayenda. Nsapato zake zonyowa zinkalira pansi, ndipo anayesa kuponda ndi zala zokha. Anakaima kumanzere, kumbuyo kwa Jabulani.

A Msiska anawerenga ndi chala, uku ndi uko, ngakhale panalibe chowerenga. Mapewa awo anagwa.

"Bwererani m'mipando."

Anthu anayamba kusuntha. Dixon ankadziwa zimene zitsatire. Nsalu zimasulidwa, a Msiska anena kuti zafanananso, tionane chaka chamawa. A Kamwendo adziwa mumtima, koma sanaone. Mawa akhoza kunena kuti ndani akudziwa amene anaima pati, mwina wina wa kwathu ndiye anatithawa. Zimawawa, koma zimapola. Mbewu zikhoza kubwerabe mu Meyi. Chofunika chinali chimodzi chokha: kukhala chete n'kukakhala pansi.

Pamwamba wina anakoka mpando, ndipo kunamveka mawu a mayi akuitana mwana. Mayi Atupele anali kumeneko, akudikira ndi kapu ya tiyi.

"A Wapampando."

Mawu a Dixon anatuluka otsika, koma anamveka. Anachokera kumanzere, kumbuyo kwenikweni kwa Mayi Chikaonda. Dixon anaona khosi la a Kamwendo likuuma.

"A Kachingwe, mwambo wathu salankhula nsalu zisanamasulidwe."

"Ndikudziwa. Pepani. Musamasule kaye." Dixon anatembenukira kwa nthumwi zinzake. "Tafanananso, tonse taona. Chaka chamawa tidzafanananso, chifukwa ndife omwewa. Pakali pano wina amwalira. Ine ndinanyamula Lyson. Sindikufuna kunyamula wina kupita naye kumanda a kuno chifukwa cha ife asanu ndi atatu."

"Ndiye mukanaima uku!" anatero Akuzike, mayi wa nthumwi za Indianapolis. "Malo tinakusiyirani. Mwasankha nokha kutayitsa nthawi."

"Sindinatumidwe uko, mayi."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Eni ake ali pamwambapa. Tikuwamva mapazi. Titsegule chitseko, atsike, aime okha kumene akufuna."

Chipinda chinaphulika. Akuzike anati malamulo a bungwe sakutero. Wina anati zimenezo ndi chipwirikiti. Koma amene anakwiya koposa anali Jabulani, amene anatembenuka n'kumuyandikira mpaka mpweya wake unamveka.

"Mwapenga, achimwene? Ife tabwera ndi magalimoto angati? Awa ali kwawo, abwera ndi apongozi omwe. Atichulukira! Mwaima kuno ndi miyendo, koma mwawapatsa mpando ndi pakamwa!"

"Mwina atichulukira," anatero Dixon. "Koma akhala asankha anthu."

A Msiska anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka phokoso linatsika. Anati lamulo likhoza kusinthidwa ngati nthumwi zisanu zavomera, ndipo anafunsa ofuna kuti chitseko chitsegulidwe. Dzanja linakwera limodzi, la Dixon. Analisiya m'mwamba.

Pamenepo Dixon analankhula kwa msana uja.

"Bambo, munanditenga ku Nyumba ya Malamulo tsiku lija. Anatiuza za aphungu amene ankasankhira anthu seneta, mpando n'kukhala zaka ziwiri wopanda munthu. Tinaseka. Potsika masitepe munandiuza kanthu za chitseko."

Paipi ya madzi inalira m'khoma. A Kamwendo anaima chomwecho, nkhope kukhoma, manja atagwirana kutsogolo. Pamene analankhula, mawu awo anali otsika, opanda mkwiyo, ndipo Dixon akanakonda akanakalipa.

"Ndakumva, Dixon. Ndamvanso kumene waima."

Kenako anaitana wapampando, osatembenuka.

"A Msiska, ine sindikufuna mpando wondipatsa mwana wanga mokakamizika, komanso sindikufuna kuima pano chaka chamawa ngati mbuzi ya pamsika. Akuzike, kwezani manja. Tsegulani."

"Inenso tsegulani," anatero Mayi Chikaonda. "Miyendo yatopa, ndipo nsaluyi ikununkha kabati."

Manja anayi a Indianapolis anakwera, limodzi limodzi, la Akuzike pomaliza. Ndi la Dixon anakwana asanu. A South Bend atatu anapinda manja pachifuwa. A Msiska anakwera masitepe, kiyi inalira kachiwiri, ndipo anawamva akufotokozera anthu pamwamba. Kenako masitepe anayamba kugunda.

Anatsika ndi majekete awo, ena makapu ali m'manja, amayi obereka ana, ophunzira a ku yunivesite, anamwino amene anali asanavule yunifolomu. A Msiska ankangoti, "Chete, chete, akulu okhaokha, ana pambali." Chete wake anali wa anthu ambiri: nsalu kukhudzana, kupuma, nsapato. Mizere iwiri inakula, inapinda pa mzati, inafika kumasitepe. Dixon sanasunthe pamalo pake. Anaona a South Bend ena akupita kumanja, ndi a Indianapolis angapo akubwera kumanzere, zimene nthumwi sizinachitepo m'zaka zonsezo. Wina anaima kumbuyo kwake n'kumukhudza pamsana ndi nsonga za zala. Atacheuka anaona Mayi Atupele.

A Msiska anawerenga kawiri, Akuzike ndi Jabulani akuwatsatira pambuyo ngati apolisi. Mzere wa a Kamwendo unaposa ndi anthu ochepa okha.

Nthungululu zinamveka. Nsalu zinamasulidwa, Mayi Chikaonda anaphethira, anakonza tsitsi, n'kupita kukagwira dzanja la a Kamwendo ndi manja awiri. Indiana inali ndi munthu pampando. A Kamwendo anayang'ana anthu onse, anathokoza, anapempha kuti apemphere. Kumanzere kumene kunali Dixon sanayang'aneko.

Dixon anawapeza panja, poimika magalimoto, akuvutika kutsegula chitseko cha galimoto yawo. Mphepo inali itayambanso kuzizira ndipo timadzi ta pansi tinkayamba kuundana. Dixon anavula chipewa n'kuwerama.

"Bambo."

A Kamwendo anamuyang'ana.

"Nsalu ija ndinavalira iwe, Dixon. Ukanangoima kumene unaima n'kukhala chete, ine ndikanakhala wakhungu mpaka kufa. Koma wafuna kuti ndimve ndi makutu anga, pamaso pa ana."

"Panalibe njira ina, Bambo."

"Mwina panalibe. Zimene wanenazo ndi zoona, n'chifukwa chake ndavomera. Koma choona nachonso chimalasa." Analowa m'galimoto movutikira. "Unkhoswe ndautula. Muuze Joan. Mupeze wina wa ku South Bend konko, woti mukamutuma azikumverani."

Chitseko chinatsekeka. Dixon anaima ndi chipewa m'manja mpaka galimoto inakhota pakona.

Pobwerera, Jabulani anakwera galimoto ina. Awiri otsalawo anagona kapena ananamizira kugona. Ku South Bend nkhani inafika iye asanafike: ena ankati Dixon anagulitsa Flora mochenjera, ena ankati anachita zamuna. Ambiri anangochepetsa moni. Pa chisankho chotsatira cha nthambi dzina lake silinatchulidwe, ndipo iye sanadandaule. Joan atamva za unkhoswe anakhala pansi pabedi osavula nsapato.

"Ndinakuuzani," anatero. Patapita nthawi anawonjezera, "Mwadya?"

Epulo anabwera ndi mvula yake, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inaphuka. Meyi anafika, nthaka inafunda, koma galimoto ya ku Speedway sinaime pakhomo. Dixon anadikira mpaka anansi onse atabzala, kenako anakagula mbewu za maungu kusitolo. Zinamera bwino, masamba aakulu obiriwira, koma nkhwani wake unali wolimba, waminga. Joan anauphika kamodzi n'kuusiya. Dixon ankathirirabe madzulo aliwonse akaweruka. Anaimba foni ku Speedway kangapo. Ankayankha Mayi Kamwendo, mwaulemu, kuti bambo apuma.

Mu Okutobala, masamba atafiira n'kuyamba kugwa pamagalasi a basi, kunamwalira mnyamata wina wophunzira ku Indianapolis, wa ku Kasungu, amene anadwala mwadzidzidzi. A Kamwendo anasayina tsiku lomwelo. Khonsolo inayenda. Masabata awiri asanathe, thupi linali lokonzeka kupita kwawo.

Mwambo wotsanzikana unachitikira pa tchalitchi chomwe chija cha ku Beech Grove. Dixon anapempha tchuthi, ananyamuka kusanache bwino, ndipo anafika woyamba monga mwa chizolowezi. Anayala mipando. Mayi Atupele anabwera nawo, anakhala kutsogolo pafupi ndi bokosi la mwana amene sankamudziwa, ndipo anaimba nyimbo zonse mokweza.

Nthawi yonyamula itakwana, amuna anayandikira. Dixon anagwira chogwirira cha kutsogolo kumanzere. Atakweza maso anapeza kuti cha kumanja agwira a Kamwendo, ngakhale anthu ankawaletsa chifukwa cha msinkhu. Pakati pawo panali bokosi lokha. Sanapatsane moni. Ananyamula, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, kumene galimoto yopita kubwalo la ndege inkadikira ndi chitseko chotsegula.

Pamasitepe a panja Dixon anaona kuti mkono wa a Kamwendo ukunjenjemera. Anatsitsa mbali yake pang'ono kuti kulemera kubwere kwa iye.

A Kamwendo sanatembenuke. Analankhula motsitsa, moti anamva ndi iye yekha.

"Kweza mbali yako, iwe. Ukupendeketsa mwana wa eni."

Dixon anakweza. Anatsika masitepe mofanana, masamba ouma akuphwanyika pansi pa nsapato zawo.